Doña Herme ndi Mpira Wosagwa Pansi

Kwathu kuno ku Alto Retamas, mukafunsa kuti Hermelinda Pariona ndi ndani, anthu angokuyang'anani. Koma mungonena kuti Doña Herme, eee, ngakhale galu akulozerani ndi mchira! Ndi mayi aja afupiafupi, a mikono ngati ya wosenza simenti, amene amakazinga mapikarone pambali pa bwalo. Mapikarone awowo, abale! Maungu ndi mbatata zosakaniza bwinobwino, uchi wa nzimbe uli chuchuchu. Ukaluma kamodzi umaiwala zomwe anakutuma kunyumba.

Anabwera ku Lima ali kamtsikana, kuchokera kumapiri a Huancavelica, atagwira siketi ya mayi awo. Nthawi imeneyo kuno kunali mchenga wokhawokha. Anthu anafika ndi mphasa, aliyense n'kuimika zinayi, ina pamwamba, kambendera pansonga, basi nyumba yatha. Paja malo kuno timapeza choncho: mphasa zikaima, mphika uli pamoto, mwana wagona m'kati, wokuchotsa atuluka thukuta. Koma malo osatsetsereka okhawo, a pakati penipeni, akuluakulu aja anawasiya dala. Anati apa ndi pa mpira, pasamange munthu.

Herme anakulira pamenepo. Volebo anaiphunzira ndi mpira wa nsanza, neti yake chingwe choyanikira zovala. Msinkhu Mulungu anawamana, koma kuperekera mpira, mayo ine! Amauika pamwamba pa neti ngati akuika kapu patebulo. Anakwatiwa, anabereka ana atatu, bambo a anawo anapita kumigodi osabwerako, koma Lamulungu lililonse iwo ali pabwalo. Neti ya dera lonse imagona pansi pa bedi lawo.

Ndipo amayi akuno akamanga neti, ngakhale pakati pa msewu, galimoto imaima. Palibe analemba lamulo limenelo, koma dalaivala aliyense amalidziwa: umadikira mpira ugwe pansi, amayi akweze neti ndi manja, ndiye udutse. Woliza hutala mpira uli m'mwamba amatukwanidwa mpaka agogo ake.

Ndiye kunabwera nkhani ya masewera aakulu aja, a mayiko ambirimbiri, othamanga, osambira, ankhonya, onse pamodzi. Tsiku lina tinangoona chikwangwani chachikulu: sitediyamu ya volebo, yofolera, magetsi ali ngwee, pabwalo lathu lomweli! Doña Herme anaima pansi pa chithunzicho pakamwa pali yasa, mafuta akupserera kumbuyo. Tsiku limenelo mapikarone anagawa ulere. Bwalo analitchinga ndi malata, thirakitala inakumba dzenje pakona, amayi n'kusamutsira neti mumsewu osadandaula ngakhale pang'ono.

Kenako zii.

Komiti ya masewera inati msewu ndi mapaipi a madzi ndi ntchito ya khonsolo. Khonsolo inati ife thumba ndi lobooka, amene analonjeza ndi boma. Boma linati kumpoto madzi osefukira agwetsa milatho, ndalama zapita kumeneko. Uku dera lina la kumunsi, kufupi ndi nyanja, likukodola: bweretsani kuno, ife msewu tili nawo kale! Pa wailesi kukangana m'mawa, kukangana madzulo. Thirakitala inachoka. Mlonda wa pamalopo naye anachoka. Malata a mpanda anayamba kumera miyendo.

"Mwamva, komadre? Akuti mwina sitediyamu ija aisamutsira kumunsi," anatero Doña Felícita, mnzawo wa Herme wapamtima, amenenso ndi mdani wawo wamkulu neti ikakhala pakati.

"Isamuke, iyende bwino," Doña Herme anayankha akutembenuza pikarone. Mumtima zinkawapweteka ndithu, koma chimene chinkawadya chinali china. "Ine ndikuopa mchenga uwu, komadre. Mchenga wosapondedwa umaitana mphasa."

"Inu ndiye mumalota masana."

Sanali kulota! Loweruka anasuzumira pomwe panachoka lata, n'kuona mizere ya laimu itadula bwalo lonse timapuloti timapuloti. Wina wake anali atagulitsa kale malowo kwa anthu osowa pokhala. Mphasa zikangoima apa, sitediyamu iwalani, bwalonso iwalani mpaka kalekale.

Lamulungu m'mamawa, chifunga chili tolo, anatulutsa neti pansi pa bedi n'kuyamba kugogoda zitseko. Anasonkhanitsa amayi, ena ali ndi masilipasi, ena tsitsi lili nyankhalala. Neti anaimanga chopingasa pakhomo pomwe pankalowera thirakitala, khomo lokhalo lokwana galimoto.

"Tamverani, atsikana," anatero. "Lero palibe wowina. Amene agwetse mpira, pikarone wanga asadzamulawenso."

Atangoyamba, lole ina inatulukira m'chifunga, mphasa zili mbwee, anthu atakhala pamwamba ndi timbendera tawo. Woyendetsa anali Don Nicanor, amene amatibweretsera njerwa. Anafika pa neti, phazi lake n'kuponda buleki lokha. Anatsamira chiwongolero kudikira mpira ugwe.

Koma mpira wake uti! Amayi amene masiku onse amamenya ngati akupha njoka, tsiku limenelo ankapatsirana ngati dzira. Uyu kwa uyu, uyu kwa uyu, kuwolotsa, uko nakonso chimodzimodzi. Ukati ukupatuka, Doña Herme ali kale pansi pake, kuubweza m'mwamba mofewa.

Don Nicanor anatulutsa mutu pawindo. "Doña Herme, kodi mpira umenewu ugwa chaka chino?"

"Mukuthamangira kuti, Don Nicanor? Akazi anu akuti kunyumba simufulumira chonchi!"

Amayi anafa nako kuseka, mpira n'kutsala pang'ono kugwa, Doña Felícita n'kuutola ndi chibakera atagwada.

Pambali pa dalaivala panakhala wogulitsa mapuloti uja, bambo wovala magalasi a dzuwa m'chifunga. "Liza hutala iwe! Dutsa!"

"Bwana, inu mukachoka pano mupita kwanu. Ine ndimagona m'dera lomwe lino," anatero Don Nicanor. "Ndipo a juzi yofiirawo ndi apongozi anga."

Phokosolo linadzutsa dera lonse. Anthu anatsika m'masitepe, ena ndi makapu m'manja, kudzaona kuti lole yaima chifukwa chiyani. Ataona mphasa, panalibe wofuna kumufotokozera. Anyamata analowa m'bwalo n'kuika miyala ya magoli, ana n'kufufuta mizere ya laimu ndi mapazi, agogo n'kubwera ndi mipando. Mikono ya Doña Herme inali itafiira psuu, mapewa akuyaka moto, koma anangoluma mano. Mpira unagwa pomaliza chifukwa Doña Felícita anayetsemula. Amayi anakweza neti bwinobwino, mwaulemu wonse, koma kuseri kwake kunalibe ngakhale poponda tayala. Wa magalasi uja anali atazemba kalekale.

Anthu anayamba kuimba m'manja, koma pa lole panatsika mayi wina wachitsikana, wamtali, khanda lili kumsana. Dzina lake Yovana. Anapita molunjika kwa Doña Herme, maso ali gwa.

"Mayi, nyumba yanu inagwa kuchokera kumwamba? Inu simunayambe ndi mphasa?"

Manja aja anasiya kulira. Doña Herme anapanira mpira m'khwapa. Anayang'ana khanda lija, anayang'ana mphasa zija, zatsopano, zonunkhira bango.

"Ndinayamba ndi mphasa, mwana wanga," anatero pang'onopang'ono. "Koma mayi anga anaimika zawo uko, pano anapasiya. Nawenso upasiye. Mwana wakoyu adzathamanga pati?"

"Ndiye agone pati lero?"

Doña Herme anatembenukira kuphiri, kumtunda kwa thanki ya madzi, komwe kuli miyala yokhayokha. "Uko. N'kokwera, madzi safika, sindikunamiza ayi. Koma palibe amene akakuthamangitse." Kenako anakuwira atsogoleri a dera amene anaima chapatali. "Kapena alipo?"

Eee, mkangano wake unali wosaneneka! Ena ankati tikalola awa mawa kubwera ena, ena ankati nanga ife anatilola ndani. Doña Herme sanadikire kuti amalize. Anakwera pa lole, anasenza mtolo wa mphasa ndi mikono yotupa yomwe ija, n'kuyamba masitepe. Doña Felícita anatsatira akung'ung'udza za nsana wawo. Kenako wina, kenako wina, mpaka mzere wa mphasa unakwera phiri ngati nyerere. Don Nicanor anasenza iwiri, apongozi akumuyang'ana.

Sitediyamu inapitadi kumunsi. Masewera tinaonera pa kanema, Doña Herme akulalatira osewera ngati akuwamva, ndipo ataona denga lake lonyezimira anatuluka panja kwa kanthawi. Bwalo lathu likadali la mchenga, dzenje lili pakona pomwepo.

Yovana sanathokoze mpaka lero. Amati masitepe amenewo adzamupha. Koma Lamulungu lililonse amatsika, khanda amasiyira agogo a pamipando, n'kulowa timu ya Doña Felícita. Ndiye kulumpha kwake, abale! Akamenya amachita kulunjika Doña Herme, mpira kulira ngati mfuti. Iwo amagwa nawo mumchenga, kudzuka, kulavula, n'kukuwa kuti, "Ndi yomweyi mphamvu yako? Kadye kaye, mwana iwe!"