Mtedza wanga pa nambala 9

Ndiwe Fabiano, mng'ono wanga wa ku Chipata, wandinyowetsera mtedza. Nonse pagulu pano mumve.

Ngolo ya malemu atate ndi imodzi, timabwerekana. Chaka chino Fabiano akuti tisamalimbirane, ntchito zonse azilemba mufoni, zofunika zizikhala pamwamba. Yachangu akuipatsa kadontho kofiira, yodikira kobiriwira.

M'mawa ndapita kukatenga ngolo, alamu anga amene amaisunga andikaniza, andionetsa mndandandawo. Kofiira: mchenga wa khonde la Fabiano. Mtedza wanga umene ndinazula Lolemba uli pa nambala 9, pansi pa kututa mabenchi a kwaya!

Masana mvula yakhuthuka kuno ku Zemba. Mtedza wanyowa pamilu pomwepo, ukagonanso mawa uchita nkhungu. Koma musadandaule abale, mchenga wafika bwino, sunawole.

Kodi foniyo inagwirapo khasu? Ana anga adzadya khonde?

A Yohane, inu ndinu akulu athu, nenani ngati ndikunama. Iwe Fabiano, kweza mtedza wanga pamwamba lero lomwe, ngolo ifike kumunda kwanga mawa mame asanaume.