Madamu Dikirani ndi Sipika Yatsopano

Ana a sukulu akakupatsa dzina, kulibe bwalo lokadandaulako. Mphunzitsi wa sayansi wa m'kalasi ya kumapeto kwa khonde anawatcha Madamu Dikirani, ndipo dzinalo linawakakamira mpaka amuna awo, atelala, ankawaitana choncho tiyi akachedwa.

Zonse zinayamba ndi pulojekita. Itafika pasukulupo, aphunzitsi ena ankaizungulira patali ngati iluma, koma Madamu, amene anali atameza fumbi la choko kwa zaka zambiri, anainyamula tsiku lomwelo. Mawindo anawatchinga ndi nsalu zotsala kwa amuna awo, khoma analipukuta, n'kuyamba kusaka makanema pa intaneti: mtima ukupopa magazi, phiri likulavula moto, mbewu ikumera. Vuto linali limodzi. Sipika ya laputopu yawo inafa kalekale, moti makanema onse anali osalankhula.

Madamu sanadandaule, pakamwa anali napo. Kanema aliyense ankayamba amuonera kunyumba uku akusita, ndipo m'kalasi mawu ankaikamo okha. Magazi ankadutsa m'mitsempha akupepesa: "Zikomo, ndidutse nawo, ndasenza mpweya." Ndiye zinthu zikafika pokoma, dzira lang'aluka, kamlomo kasuzumira, chala chawo chinkagwera pa batani, chithunzi n'kuuma gwa.

"Dikirani! Apa chichitike n'chiyani?"

"Aaa, Madamu!" kalasi yonse inkabuula.

"Palibe za aaa. Iwe wakumbuyo, ukuti bwanji?"

Mkangano unkabuka pomwepo, ena kulumbira, ena kumenya desiki. Masiku ena belu linkalira mwanapiye akadali m'dzira, ana n'kukagona nalo funsolo. Inali nkhanza ndithu, koma palibe ankajomba sayansi.

Tsiku lina ahedi, munthu wokonda zinthu zonyezimira, analowa atakumbatira sipika yatsopano.

"Madamu, mupumeko tsopano," anatero. "Akatswiri eni ake azilankhula okha, kanema aziyenda mpaka kumapeto. Kalasi ngati imeneyi aliyense akhoza kumangoiyang'anira."

Ananena mokoma mtima, n'chifukwa chake zinapweteka kwambiri. Madamu anathokoza mwaulemu, n'kukhuthula zakukhosi atafika kunyumba.

"Ndiye kuti ntchito yanga izikhala yotchinga mawindo basi," anadandaula madzulo ake.

"Bwenzi ahediwo atandigulira inenso yanga, makutu apumeko muno," anayankha atelala, mapini ali pakamwa.

Madamu sanaseke. Atelala anazindikira kuti aponda pachilonda, ndipo anapondereza makina awo osokera mwakachetechete.

Tsiku loyesa sipika, ahedi anabwera kudzaonera nawo. Madamu anayatsa kanema wa mbozi yosanduka gulugufe, n'kukadzipanikiza pa benchi ya kumbuyo, mawondo akugunda desiki. Tinene zoona, katswiri wolankhula m'kanemayo ankaidziwa ntchito. Mawu ake anali osalala ngati a pawailesi, kanyimbo kakulira pansipansi, ndipo sanalakwitse ngakhale pamodzi. Ana anali zii, kukamwa yasa. Madamu anachita nsanje, nsanje yeniyeni, ndipo pansi pa nsanjeyo panali mantha akuti mwina zaka zonsezi anawa ankangowapirira.

Pakhoma, chikwa chinayamba kugwedezeka. Chala cha Madamu chinayabwa, iwo n'kulikhalira dzanja lonselo.

Chikwa chitangong'ambika, mtsikana wina wa kutsogolo, amene chaka chonse anali asanakwezepo dzanja, anadzuka, n'kupita pa laputopu, n'kudina batani. Katswiri uja anathera pakati pa liwu.

"Iwe! Watani?" anakalipa ahedi.

Mtsikanayo anatembenukira kumbuyo kwa kalasi.

"Madamu, ine ndikuti atuluka mapiko ali onyowa, sauluka. Awa akuti auluka pompo."

Kalasi inaphulika. Wina anati gulugufe si mwana woti aphunzire kukwawa, wina anati nanga mapiko opindikawo awasita ndani. Ahedi anamenya tebulo kuti phokoso lithe, koma pakamwa pawo panatuluka zina.

"Onyowa bwanji? M'chikwamo madzi alowera pati?"

Madamu anaimirira pang'onopang'ono. Misozi inali lengelenge m'maso mwawo. Anayenda pakati pa madesiki, anagwira phewa la mtsikana uja, n'kutembenukira kwa ahedi.

"Funso labwino kwambiri, ahedi," anatero. "Koma muno timayamba takweza dzanja."

Ahedi anayang'ana ana, anayang'ana chikwa chong'ambikacho, ndipo anakweza dzanja.