Amayi Akana Kusuntha pa Kamera

Chaka chomwe amayi anadwala miyendo, achimwene anga anali ku Joni, akugwira ntchito pagalaja. Amayi anachira, anayambanso kuyenda, koma achimwene sankakhulupirira. Pafoni ankangoti, "Mukundibisira inu. Ndisiya ntchito ndidzawaone ndekha." Ntchito yomwe anaisaka zaka ziwiri, aisiye chifukwa cha makani? Ine zinkandipsetsa mtima. Mapeto ake anatumiza pa basi kakamera ka vidiyo kokwana m'dzanja limodzi, ati ndijambule amayi akuyenda. Akapanda kuona, mwezi ukatha abwera.

Ndinati tikajambulire kuphiri, nawonso achimwene aoneko kwawo. Loweruka tinanyamuka ku Chinamwali pa galimoto ya aneba, amayi atatchena chilundu chatsopano. Pamsewu wokwera anagula mabulosi n'kuwathira m'mbale yawo ya maluwa, ija sabwereketsa ngakhale pamaliro.

Pafupi ndi damu ndinatsegula kakamera n'kudina batani lofiira. Koma abale! Amayi anaika mbale pansi, kukonza duku, manja m'mbali, chibwano m'mwamba, basi kuuma gwa.

"Amayi, yendani."

"Jambula kaye," anayankha mano ali pamodzi.

"Ndikujambula kale! Iyi ndi vidiyo, imafuna munthu aziyenda."

"Iwe, ndinayamba kujambulitsa usanabadwe. Ukasuntha chithunzi chimaonongeka. Wa ku situdiyo anatiuza."

Ndinachonderera, ndinalalata, ndinayenda ndekha uku ndi uku kuwaonetsa chitsanzo. Iwo anasuntha kamodzi kokha, kutsogoza phazi kuti nsapato ioneke. Pakagalasi kam'mbali ndinkangoona mayi wosagwedezeka, wosamwetulira, ngati akujambulitsa chitupa. Achimwene akanaona zimenezi akanakwera basi tsiku lomwelo. Ndinakhumudwa, misozi inalengeza. Ndinangosiya kakamera kakulendewera pa chingwe chake cha padzanja.

Apo m'pomwe nyani anatsika mumtengo wa paini, osafulumira n'komwe, n'kunyamula mabulosi. Osati mabulosi okha ayi, ndi mbale yomwe.

"Wakuba iwe! Bweza mbale yanga!"

Amayi anautsa liwiro, duku kugwera uko, ine pambuyo ndikukuwa kuti agwa. Aneba, m'malo mothandiza, anagwira galimoto akufa ndi phwete. Nyani anakataya mbale patsinde la mtengo atatsiriza kudya. Amayi anaitola, kuipukuta ndi chilundu, n'kubwerera ali wefuwefu.

Titafika kunyumba ndinapeza kuti kakamera sindinazimitse. Kuyambira pomwe ndinakasiya kakulendewera, kanajambula pansi pokhapokha: udzu, miyala, ndi mapazi a amayi akudumpha ngalande, nsapato imodzi itavuka. Nkhope ya munthu panalibe. Koma mawu analowa onse, mawu oti kutchalitchi sangawabwereze.

"Fufuta zimenezo, undichititsa manyazi," anatero amayi.

Ndinati chabwino. M'mawa mwake ndinakapereka kakaseti ka m'kameramo kwa woyendetsa basi osafufuta kanthu.

Patapita masiku achimwene anaimba foni. Poyamba ndinkangomva kuseka, kuseka mpaka kutsokomola. Kenako mawu anasintha, ndinazindikira kuti akulira.

"Ndabwezera kasanu," anatero. "Chala chopindika chija n'cha amayi. Akuthamanga, iwe! Amayi akuthamanga!"

Nanenso ndinalira, nditaima pakhomo ndi foni kukhutu. Za kusiya ntchito sanazitchulenso.

Amayi mpaka lero amauza anthu kuti mwana wawo anakhutira ndi chithunzi choyamba chija, chifukwa anaima bwino.