Chala cha Chipupa

Pakati pa sabata anali wokonza mafiriji. Kashopu kake kanali kuseri kwa malo ogulitsira matayala, kodzaza ndi zitseko za mafiriji akufa, mawaya ndi fungo la mphira wopserera. Koma likakwana Loweruka ankavala zoyera kuyambira kolala mpaka nsapato, n'kumangirira chikwama chachitali kumbuyo kwa njinga yamoto, ulendo wa kubwalo la kiriketi. Kumeneko palibe ankamufunsa za mafiriji. Kumeneko anali Chipupa.

Dzinali analipata chifukwa cha kamenyedwe kake. Mu kiriketi, woponya mpira amafuna kugwetsa timitengo titatu tozikidwa kumbuyo kwa womenya, ndipo womenyayo amatiteteza uku akusaka marani, omwe ndiwo zigoli za masewerawa. Timitengoto tikagwa, kapena mpira umene wamenya ukagwidwa m'mwamba, womenyayo watuluka. Ena amaulikita mpira kuti ukagwe kutali. Chipupa ayi. Iye ankangotsogoza bati yake yomenyera mpirayo, mpira gu! n'kugwera pamapazi. Ankatha maola padzuwa ali ndi timarani tochepa, oponya atatopa mpaka kuyamba kutukwana.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero akamavula magolovesi.

Anzake ankayasamula pabenchi, komabe ankamupatsa ulemu, poti timu yawo inali ya anthu osachedwa kutuluka: aphunzitsi, telala, dalaivala wa ambulansi ndi ena a mimba zawo. Ndiponso marani ochuluka koposa amene munthu mmodzi anapezapo m'kalabumo anali ake, 88, tsiku lina kalekale asanamere imvi. Nambalayo inalembedwa pathabwa m'kanyumba kosinthira zovala, ndipo penti ikayamba kusuluka, Chipupa ankabwera ndi kaburashi kake.

Mkazi wake anali asanapondeko kubwaloko chikwatiranireni. "Ndikaonere chiyani?" ankatero. "Munthu ataima ngati akudikira basi?"

Chaka china, ligi itatsala pang'ono kuyamba, dalaivala wa ambulansi anasamutsidwa, timu n'kuperewera munthu mmodzi. Kaputeni, mphunzitsi wa masamu wosaseka wamba, anati aliyense asake munthu, bola akhale ndi miyendo iwiri. Chipupa anaganiza za mlamu wake, wopondana ndi mkazi wake, amene ankaphika buledi kubekale ndipo ankadya kwawoko pafupifupi tsiku lililonse.

"Alamu, Loweruka muli ndi chochita?"

"Kugona, alamu. Ntchito yaikulu imeneyo."

"Tiyeni mukangoima kumalire a bwalo. Mpira ukabwera mukatole, mukaponye. Basi."

"Kumakhala chakumwa?"

Chipupa anamubwereka thalauza yoyera yolekeza m'akakolo, ndi bati yakale yong'aluka imene anaimanga ndi tepi ya magetsi.

Masewero oyamba, timu inagwa monga mwa chizolowezi. Mlamu analowa komalizira, zinthu zitaipa kale, atagwira bati ngati nkhwangwa, miyendo ili tang'a ngati akufuna kunyamula thumba la ufa. Chipupa anabisa nkhope ndi manyazi. Mpira woyamba unauluka kudutsa mpanda wa fakitale ya penti yoyandikana ndi bwalolo. Wachiwiri unakagwa padenga la kanyumba kaja, phwaa! mpaka dzimbiri kuyoyokera m'makapu a tiyi. Pomatha ola, masewero amene anali atatayika anali atapambanidwa.

"Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa!" anakuwa Telala, woseketsa wa timuyo, akuvina atamanga mapadi otchinjiriza miyendo. "A Chipupa, munthuyu munkamubisa mufiriji?"

Chipupa anaseka nawo, ndipo tsikulo ananyadadi. Koma pobwerera, mlamu ali kumbuyo kwa njinga akuimba mluzu, chimwemwe chija chinamuthera panjira.

Anayesa kumuphunzitsa. Madzulo ankamutengera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. "Phazi lakumanzere lizitsata mpira. Chigongono m'mwamba. Mutu usagwedezeke." Mlamu ankamvera, n'kuphonya. Akaiwala zonsezo, mpira unkakagwera kwa aneba. Kokonzekera Lachitatu sanapiteko ngakhale kamodzi, ankakhala ali mtulo. Pamene Chipupa, kushopu kwake, anali ndi mpira wokutira m'sokosi wolendewera kudenga, umene wakhala akuumenya pakati pa mafiriji kwa zaka zosawerengeka, makasitomala akumudikira pakhomo.

Pasanapite nthawi Kaputeni anati mlamu aziyamba kumenya limodzi ndi Chipupa. Poti omenya amakhala awiri, wina uku wina uko, Chipupa tsopano ankaonera zonse ali pafupi: kulira kwa bati yake yomwe yakale ija, kumene sinalirepo m'manja mwake, ndi mano a mlamu ali pamtunda. Ogwira ntchito kufakitale anayamba kukwera pampanda kudzaonerera. Chipupa akatsogoza bati yake mwaluso lonse, mpira gu! pampandapo pankamveka mawu.

"Madala, thamangani kamodzi, mumupatse wabulediyo amenye!"

Timu inayamba kukwera pamndandanda wa ligi. Matimu awiri apamwamba ankakwezedwa kupita kugulu lalikulu, chinthu chimene kalabuyo inali isanachilotepo. Aliyense ankayenda mokondwa. Chipupa yekha ndiye ankaonda.

Ndiyeno Loweruka lina, akumanga mapadi, anaona ambulera yachikasu ikulowa pageti. Pansi pake panali mkazi wake, atanyamula botolo la madzi ozizira.

"Mayi, kwagwanji?"

"Palibe chagwa. Ndamva kuti achimwene akuswa malata kuno."

Malamulo amene anakana kuwamva ukwati wonse anawagwira m'Maloweruka awiri. Patebulo nkhani inali kiriketi yokhayokha, ndipo ntchafu ya nkhuku inkapita m'mbale ya mlamu, akuti abwezeretse mphamvu.

"Bambo, inuyo bwanji simumenya ya m'mwamba ngati achimwene?"

"Ya m'mwamba imagwidwa."

"Nanga yawo bwanji sigwidwa?"

Chipupa anangotafuna phiko lake la nkhuku. Sabata yomweyo anagula bati yatsopano yolemera, ndipo Loweruka anaumenya mpira m'mwamba koyamba m'moyo wake. Unakwera bwinobwino, n'kutsikira m'manja mwa munthu amene sanasunthe n'phazi lomwe. Loweruka lotsatira chimodzimodzi. "Chipupa chalowa chiswe," anatero Telala, ndipo onse anaseka, ngakhale ambulera yachikasu inagwedezeka.

Masewero oti atsale amodzi anali olimbana ndi timu ya ogwira ntchito kubanki. Wopambana ndiye akanakwezedwa. M'ligi yawoyo munalibe oweruza olembedwa ntchito. Timu imene ikumenya inkapereka munthu wake amene watuluka kale kuti akaime pakati. Chipupa anatuluka m'mawa ndithu, wagwidwanso m'mwamba, ndipo Kaputeni anamuponyera jekete loyera la woweruza.

"Malamulo mumawadziwa kuposa tonse. Kaimeni."

Anakaima kumbuyo kwa timitengo, dzuwa likumuwotcha pakhosi, n'kumaonerera mlamu akuwasambitsa chokweza akubanki. Mpira unkapita kufakitale, unkapita kumsewu, wina unakalowa m'galimoto ya munthu wogulitsa mazira. Marani ofunika kuti apambane ankachepa. Telala anaima pabenchi n'kumalengeza marani a mlamu ngati wogulitsa kaunjika.

"Makumi asanu ndi awiri! A Chipupa, burashi ija mwabwera nayo?"

Patapita kanthawi anakuwanso. "Afika 85! Lero thabwa lisintha!"

Chipupa anayang'ana kubenchi. Mkazi wake anali ataimirira, ambulera ataitaya pansi, manja ali pamutu, akuseka ngati mtsikana. Nkhope imeneyo anaikumbuka. Anaiona komaliza asanakwatirane, tsiku limene anamukonzera wailesi ya mayi ake.

Mpira wotsatira mlamu anauphonya, ndipo unamugunda padi ya kumwendo. Lamulo limati mwendo ukatchinga mpira umene ukanagwetsa timitengo, otsutsa amakuwa kupempha, ndipo woweruza akakweza chala, womenya watuluka. Koma mpira uwu unkapita kutali, kumbali, koti ngakhale timitengo tikanakhala tisanu ndi kamodzi sukanatikhudza. Chipupa anaona zimenezo bwino lomwe. Woponya naye anaona, moti anangoti "Aa?" chamumtima, akutembenuka kale kubwerera pamalo pake.

Chala cha Chipupa chinali m'mwamba.

Woponya uja anakanda m'mutu n'kuyang'ana kumbali ngati watola chikwama cha mwini. Mlamu anayang'ana mwendo wake, anayang'ana timitengo, anayang'ana Chipupa. Kenako anaseka, anakolekera bati kukhwapa, n'kumapita akuvula magolovesi. Otsalawo anagwa motsatizana ngati mabotolo apashelefu, ndipo akubanki anapambana ndi marani owerengeka m'manja.

M'kanyumba kosinthira zovala munali ngati pamaliro. Kaputeni ankapinda thaulo lake mobwerezabwereza, osayang'ana munthu.

"Chala chimenecho mukachipimitse kuchipatala," anatero Telala, koma ulendo uno palibe anaseka.

"Asiyeni alamu anga," anatero mlamu akumasula nsapato. "Malamulo amawadziwa ndi iwowa, ine ndimangomenya. Akanakhala wina akanandikondera poti ndife pachibale. Awa ndi munthu woongoka."

Chipupa akanakonda kumenyedwa khofi. Chitonzo akanachisenza, ndewu akanaimenya, koma ichi chinamulowa ngati singano. Munthuyu analandidwa thabwa, analandidwa chikondwerero, koma ankafunsa ngati mwatsala tiyi.

Kunyumba mkazi wake anamuikira chakudya osakhala naye pansi. Ali kusinki, atamufulatira, anati, "Ine malamulo ndawaphunzira dzulodzuloli, bambo. Koma maso ndinabadwa nawo." Sabata imeneyo zoyera zija Chipupa anachapa yekha pampopi wakuseri, aneba akusuzumira.

Masewero omaliza anapambana, koma kunali kutseka khola mbuzi zitathawa. Atatha, Kaputeni anapereka kachikho ka wosewera bwino wa chaka kwa mlamu, ndipo Chipupa anawomba m'manja mpaka zikhato kuwawa, kuti aliyense aone kuti akuwomba. Mlamu anakatembenuza kachikhoko, anathokoza, kenako ananena mopepuka ngati akunena za nyengo kuti chaka chamawa sabweranso.

"Kiriketi ndi yokoma, koma imatalika, akuluakulu. Tulo tanga ta Loweruka ndatisowa."

Anthu anachonderera, iye akungoseka. Chipupa anaima pakona. Chinthu chimene iye anachipatsa Maloweruka onse a moyo wake, mawondo ake ndi mtendere wa m'nyumba mwake, mnzakeyu ankachisiya ngati malaya othina.

Chipupa akuliza njinga, Kaputeni anagwira chiwongolero. "Munamubweretsa ndinu. Mwamuthamangitsa ndinu. Mukamutengenso ndinu."

Anazengereza sabata zingapo, kenako m'mawa wina anapita kubekale. Munali motentha ngati m'ng'anjo, ufa uli mbuu pansi, mathireyi akulira. Mlamu anali atavala epuloni, akutulutsa buledi mu uvuni ndi chithabwa chachitali.

"Alamu! Kwagwanji m'mawa uno?"

"A Kaputeni akuti mubwerere ku timu."

"A Kaputeni akuti." Mlamu anatsamira chithabwa chija. "Nanga inuyo mukuti bwanji? Mukanena inuyo kuti ndibwere, ndibwera."

Chipupa anatsegula pakamwa. Mawu ake anali aafupi, mwana amene akuphunzira kulankhula akanawatha. Anayang'ana uvuni, anayang'ana matumba a ufa, kenako maso ake anagwera pa firiji yaikulu yosungira majarini imene inali pakona.

"Firiji iyi ikulira molakwika," anatero.

Anagwada, anatulutsa sikuludiraiva m'thumba, n'kulowetsa mutu kuseri kwake. Anakhalako nthawi yaitali kuposa imene ntchitoyo inkafuna. Atadzuka, mlamu anamupatsa buledi wotentha wokulunga m'pepala.

"Musadzivute, alamu. Mpira uja ndinauona kumene unkapita. Koma nambala ya pathabwa ija inuyo mumaifuna, ine ndikanaiiwala pofika Lolemba."

Analankhula mokoma mtima, popanda kunyoza ngakhale pang'ono, ndipo n'zimene Chipupa sanathe kumukhululukira. Anayenda ndi bulediyo akumuwotcha m'khwapa mpaka kushopu, ndipo masana anaimbira Kaputeni.

"Ndayesetsa. Wakanitsitsa."

Chaka chotsatira timu inabwerera kumunsi kwa ligi kumene inazolowera, pampanda wa fakitale panalibenso munthu, ndipo mkazi wake Loweruka ankapita kukacheza kwa mchimwene wake, amene anali atapeza chibwenzi, namwino wa kuchipatala cha mano. Malo operewera aja Chipupa anawadzaza yekha. Anabweretsa wogulitsa matayala woyandikana naye shopu, bambo wonenepa wa magalasi okhuthala, amene mpira ankauona utadutsa kale. Loweruka lililonse ankatuluka pa mpira woyamba kapena wachiwiri, timitengo tili mbwee, n'kubwerera kubenchi akupepesa.

Chipupa ankamulandira ndi manja awiri, n'kumupatsa madzi. Lachitatu ankamunyamula panjinga kupita naye kokonzekera, n'kumamuponyera mpira pang'onopang'ono mpaka dzuwa kupendeka, osatopa, osakalipa.

"Munthuyu adzatha, a Chipupa?" anafunsa Telala tsiku lina, ataona wamatayala akuphonya kachisanu.

"Mupatseni nthawi," anayankha Chipupa, nkhope ili ngwee. "Ameneyu ndiye wophunzira weniweni."