Chule sazimitsidwa ali wotentha

"Zimitsani chigayo chanucho! Kuno si ku Bangwe!"

Anali mayi akunyumba, mutu uli pawindo la chipinda cham'mwamba, duku litapendekeka, maso ali psuu. Anali atagwira naiti kuchipatala. Ine ndinali nditangoweruka masana kuweyahausi, kosungira katundu komwe ndimagwira ntchito, ndaimika galimoto pakhomo, injini ikulirabe.

Ndinatsitsa galasi. "Ikuzizira."

"Izizire chiyani? Dziko lonse lino ndi filiji."

"Amayi, lowetsani mutu. Anthu akuona."

"Aone. Akhala akumva zaka zonsezi, lero aoneko ndi maso. Ine ndimagawa mankhwala kwa odwala, bambo. Sindingapite kuwodi ndikusinza chifukwa cha chidole cha munthu wa imvi. Mwezi uno usanathe, ichoke."

Windo linatsekedwa. Mkulu wogulitsa nyama patsidya pa msewu anayamba kupukuta galasi la shopu yake lomwe linali loyera kale. Ine sindinazimitse. Ndinadikira nyimbo yomwe inali pawailesi ithe, monga ndinkachitira tsiku lililonse, kenako ndinapotokola kiyi.

Kuti mumvetse, nyumba za ku Spinney Hill, kuno ku England, n'zogundana ngati mano. Palibe bwalo, palibe mpanda. Ukatsegula chitseko phazi lili kale mumsewu, ndipo galimoto imagona pansi pa windo la kuchipinda. Ndiye galimoto yangayo sinali yoti n'kubisa. Yabuluu, malimu agolide, mphuno yopumira pamwamba pa boneti, kumbuyo chiphiko choti mutha kuyanikapo zovala. Nyali zake zakutsogolo n'zozungulira, zotong'oka, ndipo pakhomo tonse tinkaitcha Chule.

Mtundu umenewu ndinauona koyamba ndili mnyamata, m'kanyumba ka vidiyo ku Bangwe. Filimu ya karate itakana, mwini wake anaika tepi ya mpikisano wa magalimoto a m'fumbi. Anzanga anatuluka akutukwana. Ine ndinatsala. Galimoto ya zitseko zinayi, yooneka ngati ya ahedimasitala, inkalowa pakona chammbali, matayala onse anayi akukumba, miyala ikuuluka, pamsewu wonga wopita kwa agogo ku Thyolo. Ndinati mumtima, imeneyi ndiye galimoto yopangidwira ife, kungoti anaitumiza kolakwika.

Nditafika ku England ndinagula ya m'badwo woyamba, yokalamba kale, dzimbiri litadya pamwamba pa matayala akumbuyo. Inali ya makona, maso opyapyala, yopepuka ngati chitini cha mafuta. Mkati munalibe chilichonse chonyaditsa. Koma inali ndi thebo, kachipangizo kozungulira ndi mphamvu ya utsi n'kumakankhira mpweya mu injini. Ukaponda moto, poyamba zii. Umayamba kuganiza kuti wagula mbuzi. Kenako kamluzu, kenako mpando umakumenya pamsana ngati bulu wakwiya.

Thebo imeneyo ndinaiika m'manda ndekha. Ndinkathamanga pamsewu waukulu, kufika pakhomo, kuzimitsa pomwepo. Chitsulo chili chofiira, oyilo waima, akupserera mkatimo. Tsiku lina inayamba kulira ngati mwana wa mphaka, utsi wabuluu kumbuyo, basi. Makaniko wina wachikulire ku Braunstone anandiuza mawu ochepa: usamazimitse ili yotentha, uzilola oyilo azungulire kaye. Ena amati n'zachikale, madzi amaziziritsa okha. Anene. Iwo sanaikepo maliro.

Chule ndi wa m'badwo wotsatira. Atangotuluka anthu anamuseka dziko lonse chifukwa cha maso akewo, mpaka opanga anachita manyazi n'kusintha nkhope. Wotsatira anabwera ndi maso otupa ngati walumidwa ndi njuchi. Kenako wina wa maso akuthwa ngati a kabawi, wokongola ndithu, sindikana. Kenako opanga anachita misala, anaidula matako n'kukhala ngati galimoto yokagulira ndiwo, anthu anadandaula, anabwezera buti. M'badwo uliwonse unkanenepa pang'ono, kulimba pang'ono, kuchenjera pang'ono. Ine ndinasankha wonyozekayo. Munthu wosekedwa n'kumathamangabe ndimamumvetsa.

Ndipo Chule ali ndi mawu. Mapaipi otulutsa utsi mu injini yake si ofanana kutalika, ndiye mpweya umatuluka motsimphina, gudu-gudu, gudu-gudu, kuchokera pansi pamimba. Kwa ine ndi ng'oma. Kwa munthu wogona pamwamba pake, chabwino, ndi chigayo.

Mayi akunyumba sanathere pawindo. Anafonera mchimwene wawo wamng'ono, alamu anga a ku Hyson Green ku Nottingham, omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba. Matenda a galimoto amenewa ndinawapatsira ndine, koma iwo anapitirira. Anali ataitanitsa kale ya m'badwo watsopano kuchokera ku Japan, monga timachitira kwathu. Lamulungu titaweruka kutchalitchi anatulukira nayo, yoyera mbee. Sindinaimve ikufika. Ndinangomva kugogoda.

"Alamu, ndamva kuti mwatsegula chigayo. Mukugayitsa bwanji thini?"

"Inu mwabwera pa chiyani? Pa makina ochapira?"

Anaseka, natsegula boneti. Anandionetsa mapaipi ofanana kutalika, thebo yodzuka msanga, makompyuta oyang'anira tayala lililonse. Kiyi salowa paliponse, umangodina batani.

"Iyi mukafika mwafika," anatero. "Kudina, kutuluka. Za kukhala panja ngati mlonda zinatha."

"Mawu ake ali kuti?"

"Mawu sathamanga, alamu. Tengani sabata imodzi. Ine kuntchito ndimakwera tramu, kasitima ka m'tauni, galimotoyi imangokhala. Mukaikonda tiitanitsa ina, Chule tipezere achinyamata. Achemwali agone."

Ndinayang'ana mayi akunyumba. Anali ataima pakhomo atapinda manja. Ndinapereka kiyi wa Chule.

"Musamuzimitse ali wotentha. Nyimbo imodzi yathunthu. Osati kolasi ya Sande sukulu."

"Ndamva, abusa."

Tsopano ndinene chilungamo, chifukwa ine sindinamizira galimoto. Yatsopanoyo inali yabwino kuposa Chule pa chilichonse choyezeka. Ndinaitengera kumisewu yokhotakhota ya kumidzi cha ku Melton, kuli mvula, masamba ali thoo pamsewu. Ukaponda imayankha pomwepo, palibe kudikira, palibe bulu. Pakona imagwira ngati yamatidwa. Mabuleki ake amakuimitsa mpaka maso kutsogola. Msana sunkandipweteka. Anthu amene anaipanga sanagone, ndipo aliyense wonena kuti zakale zinali bwino pa zonse ndi waulesi wa maganizo. Kungoti inkachita zonsezo ngati sikundifuna. Chule ukalakwitsa giya amakuuza pamaso. Iyi imakukonzera mwakachetechete ngati mlembi waulemu.

Ndipo pakhomo inali zii. Kufika, kudina, kutuluka.

Apa ndi pomwe panabuka nkhani ina. Ntchito ya kuweyahausi ndi yonyamula makatoni uku kamakina kali m'manja kakukuwerengera liwiro. Supavaiza wathu anali mnyamata woti ndikanamubereka, wondiitana ndi dzina langa loyamba ngati tinadyera limodzi mbewa. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa, bambo anga analinso choncho. Kuntchito ndimaugwira chifukwa ndili ndi banja. Koma umafuna potulukira.

Sabata imeneyo ndinkapezeka m'khonde la m'nyumba mnyamata uja adakali pakhosi. Chitseko chinkandipulumuka. Nsapato za ana pamakwerero zinkandilankhulitsa. Bini yosatulutsidwa, mapoto m'sinki, kalata ya khansolo pansi. Zonsezo zinalipo kuyambira kale, ndipo zonse zomwe ndinanena zinali zoona. Bini inalidi yosatulutsidwa. Koma ndinkazinena ndili pansi pa makwerero, ndi mawu a kuweyahausi, kumene umalimbana ndi phokoso la mafoloko onyamula katundu.

Lachisanu madzulo mayi akunyumba anali kukhitchini atavala kale yunifolomu, akuika chakudya m'kontena. Analankhula osandiyang'ana.

"Sabata ino galimoto sinandidzutse ngakhale kamodzi."

"Ndiye mwapambana. Tiitanitse."

"Mwandidzutsa ndinu. Tsiku lililonse."

"Nyumba zake n'zamakatoni izi."

"Makatoni omwewa analipo chaka chatha. Kale munkalowa mutazizira."

"Imazizira ndi thebo, amayi, osati ine."

"Kaya thebo, kaya ndani. Chigayo chija chimalira nyimbo imodzi n'kusiya. Inu mulibe kiyi." Anatseka kontena. "Tengani yatsopanoyi, koma muzikhalamo kaye musanalowe."

Ndinakana pomwepo, ndipo mpaka lero ndikuti ndinakana bwino. Bambo wamkulu kukhala m'galimoto yozima, mumsewu wa eni ake, osachita kanthu, amaoneka ngati wapolisi kapena wodikira mkazi wa mwini. Ndinayesapo kamodzi mkati mwa sabatayo. Sindinathe ngakhale vesi imodzi, ndinkangoona makatani a anthu akugwedezeka. Mwa Chule ndimakhala chifukwa pali ntchito. Ndimayang'ana muvi wa kutentha, ndimamvetsera ngati pali kachilendo m'kulira kwake, ndimadikira chitsulo chipume. Zinazo zimangochitika zokha. Munthu sungandiuze kuti khala pansi upole mtima, ndingakulume. Koma injini ikandiuza kuti dikira, ndimadikira.

Ndinawauza zimenezi, mwina osati mwadongosolo chonchi. Anakoleka chikwama paphewa.

"Ndiye mwamuna wanga amamvera chitsulo."

"Chitsulo sichikomplena."

"Chabwino. Chule abwere. Koma pansi pa windo langa ayi. Ndikangomumva kamodzi ndili mtulo, ogula zitsulo zakutha ndiwaitana ndekha, ndipo ndidzawaphikira tiyi."

Anatuluka kukakwera basi.

M'mawa mwake, Loweruka, iwo atabwera n'kukagona, ndinadina batani la makina ochapira aja n'kulunjika ku Nottingham. Alamu ndinawapeza ali kale panja ndi kiyi m'manja.

"Tengani msanga, alamu. A landilodi andifonera kawiri. Ana a m'nyumba yoyandikana akuti kukubwera ndege."

"Munamuzimitsa ali wotentha?"

"Nyimbo yathunthu, mpaka ameni. Nanga yanga mwaiona bwanji?"

"Ndi galimoto yabwino. Idzakusungani."

"Koma?"

"Palibe koma. Ndipatseni kiyi."

Ndinayang'ana oyilo ndisanalize, chifukwa mlamu ndi mlamu. Pobwerera sindinadzere msewu waukulu. Ndinadzera kumidzi, ndipo potuluka pakona ina ndinaponda, zii, zii, kamluzu, kenako bulu uja pamsana. Ndinaseka ndekha ngati wamisala.

Ku Spinney Hill sindinakhote mumsewu wathu. Ndinapitirira mpaka kumapeto, kuseri kwa fakitale yakale ya masokosi, komwe kuli khoma lalitali la njerwa lopanda windo la munthu. Ndinaimika pamenepo. Gudu-gudu uja ankagunda khoma n'kubwerera kwa ine ndekha. Nyimbo itatha ndinapotokola kiyi, ndinakhoma, ndinayenda wapansi kudutsa pashopu ya nyama. Mkulu uja anayang'ana kumbuyo kwanga kufuna galimoto, ine ndinangomukwezera dzanja. Pakhomo ndinavula nsapato ndisanalowe, ndinatseka chitseko ndi manja awiri, ndipo ndinatulutsa bini.