Dothi m'makapu a mapulagi

Mwaswera bwanji nonse.

Galimoto yanga yakale ija, imene ndinalonjeza kuti idzanyamula mdzukulu wanga Tadala pa ukwati wake Loweruka, yayamba kutsokomola m'mawa uno. Kutsegula boneti, ndapeza mawaya a mapulagi ang'ambika, makapu ake awiri ovundikira mapulagi asweka. Moto ukudumphira panja.

Ndapita ku Limbe. M'mashopu mawaya atsopano alimo, koma ndi aafupi, ndipo makapu ake sakugwira pulagi. Akuti zida za galimoto ngati yanga anasiya kale kuitanitsa.

Ndiye ndalowa mumsika wa Ndirande. Bambo wina wogulitsa masipeya akale wanditulutsira mawaya enieni, onse anayi ndi wa koyilo womwe, olimba bwino. Kusuzumira m'kapu imodzi, muli dothi lofiira louma gwa. Ndagogoda pachikhatho, lagwa.

Ndamufunsa, "Achimwene, dothi ili ndi lakuti?"

Iye osaphethira n'komwe. "Madala, galimoto yake tinaifukula ku Chilobwe m'matope a namondwe aja. Eni ake sanapezeke mpaka lero. Koma mawayawa ndi abwino, tengani."

Ndagwira zitsulo moyo wanga wonse, sipeya sinandichititsepo mantha chonchi. Ndabweza mawayawo patebulo, ndamuuza andisungire mpaka mawa masana.

Ena otere sindinawaone kwina kulikonse. Popanda iwo galimoto siidzuka Loweruka, ndipo ine sindinabwezepo mawu anga. Koma mwana akalowe m'banja ndi moto wa galimoto ya munthu amene sanaikidwe m'manda?

Amake Tadala, ndi inu ankhoswe, ndiyankheni lero. Ndikawatenge, kapena mwana akwere ya hayala?