Chikoti Chachitatu

Fungo la girisi ndi mphira wotenthedwa ndi dzuwa likangondilowa m'mphuno, ndimaona agogo anga aamuna, a Zulu, atagwada pansi pa mtengo wa mango ku Kapata, akumata machubu a njinga uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Anali osachedwa kupsa mtima, komanso osachedwa kuseka.

Chaka chimene achinyamata anzanga anandisankha kukhala Yesu m'sewero la Lachisanu Loyera, chimwemwe chinandisowetsa pokhala. Zaka zonse ndinkangokhala m'gulu lofuula kuti apachikidwe. Tsopano mtanda unali wanga, ndipo ndinalumbira kuti ndikafika nawo pamwamba pa phiri.

Zikoti za asilikali zinali za machubu akale, ndipo anadula ndi agogo omwewo. Tinapangana kuti azimenya mtanda wokha. Koma Mabvuto, mkulu wa asilikali, ataona anthu adzaza msewu, amayi akulira, kwaya ikuimba, sewero linamulowa m'mutu. Chikoti chinatera pamsana panga. Chachiwiri chinandigwetsa zenizeni. Kenaka ndinangomva chinthu cholemera chonunkha girisi chandiphimba, ndipo chachitatu chinalira pa jekete la agogo.

"Menya ine, iwe," anatero ali chigonere pa ine. "Mwanayu wakulakwira chani?"

Akatekisiti anafika ali wefuwefu. "A Zulu, ni sewero chabe. Ngakhale Atate anamuleka Mwana wao kuti avutike."

"Anamuleka? Si ndimwe mumatiphunzitsa kuti Atate, Mwana na Mzimu Woyera ni Mulungu mmodzi? Manje chikoti chikagwa pa Mwana, Atate sakumva kuwawa? Anali pamenepo, abambo, anamvera pamodzi."

Ine ndinaopa kuti agogo andikokera kunyumba mtanda wanga n'kupatsidwa wina. "Agogo, nifuna nikafike," ndinanong'ona.

Anandiyang'ana kanthawi, n'kundidzutsa. Mnyamata amene ankayenera kukhala Simoni wa ku Kirene anangouzidwa kuti apume. Agogo anasenza kumbuyo kwa mtanda, jekete lili fumbi lokhalokha, diso lili pa Mabvuto. Kwaya inayambiranso mwamphamvu, ndipo tinakwera phiri lonse awiriwiri, ine ndikulira ndi chisangalalo anthu akuyesa ndi sewero.

Lero mlaliki akamati Khristu analangidwa m'malo mwathu, sindiyang'ana chithunzi chapakhoma. Ndimamva kulemera kwa agogo pamsana panga, ndi kulira kwa chikoti chija chimene sichinandifike.